Nkhalamba ya Laputopu Yabwerera Utsikana

Mukanaiona kale laputopu yanga, mukanati ndikaitaye kudzala. Ndinaigula yakale kale, ya 2013, RAM yake 4GB basi. Ukaiyatsa m'mawa, unkatha kutereka madzi, kumwa tiyi mpaka kutsuka kapu, iyo ikadali kujejema. Fani inkalira ngati chigayo cha dizilo, ndipo kunsi kwake kunkatentha moti pamiyendo sinkaikika.

M'kati mwake munali ngati minibasi ya madzulo, yodzaza mpaka pakhomo. Aliyense woibwereka ankasiyamo kake. Mapulogalamu olimbana ndi mavairasi analimo atatu, koma m'malo mogwira mbava ankalondana okhaokha, onse kufufuza fayilo imodzimodzi, mphamvu za makina n'kuthera pomwepo. Oonetsera mafilimu analimo anayi, koma filimu ya ukwati wa mlongo wanga inkatuluka zithunzi zokha, mawu zii. Pa intaneti, timawindo totsatsa malonda tinkabuka ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa, bandulo n'kutha tsamba lisanatseguke. Chondiwawa koposa chinali fulashi. Vairasi inasandutsa mafoda onse kukhala ma shortcut, ndipo mayeso a ana asukulu amene ndinakonza kwa zaka zitatu ndinangowalira maliro.

Tsiku lina Loweruka, mwana wamkazi wa mlongo wangayo, amene akuphunzira za makompyuta, anaitembenuza uku ndi uku. “Amalume,” anatero, “makinawa sanakalambe ayi, mwangowasenzetsa katundu wambiri.” Anandifotokozera kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo ka TPM 2.0 kamene yangayi ilibe. Kenaka anandifunsa funso limodzi lokha: “Kodi inu pa kompyuta mumachita chiyani?” Ndinawerenga ndi zala: kulemba mayeso, kuwonkhetsa malikisi, kuwerenga za pa intaneti, kuonera mafilimu. Zala zinayi. Mapulogalamu ena onsewo anali alendo odya nsima osalima.

Ntchito inayamba. Anasamutsa zithunzi ndi makalata anga onse, n'kumasula zomangira za kunsi. Pa fani anatulutsapo chimtolo cha fumbi chonga thonje lakuda, ife tonse kuyetsemula. Atatero anafufuta zonse n'kuikamo Linux Mint ya Xfce, yaulere ndiponso yopepuka, m'malo mwa Windows. Magetsi anazima pakati pa ntchito, tinadikira mpaka dzuwa kupendeka, iye n'kuyambiranso osadandaula. Lamulo lake linali lakuti ntchito imodzi, pulogalamu imodzi. Zolemba ndi malikisi anapatsa LibreOffice, imene inayamba mu 2010 ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel popanda kulipira. Intaneti anapatsa Firefox, n'kuonjezera uBlock Origin yotsekera zotsatsa zija. Mafilimu anapatsa VLC, ija ya chizindikiro cha kachipewa ka pamsewu, imene inayambika ndi ophunzira a École Centrale Paris ku France. Pomaliza anatchera Timeshift kuti zinthu zikadzasokonekera tidzabwerere pamene zinali bwino.

Tsono taganizani usiku umenewo. Ndinadina batani n'kudzuka mwachizolowezi kukatereka madzi. “Amalume, mukupita kuti? Yayaka!” Ndinacheuka, sikirini ili mbee, yoyera ngati bwalo losesedwa m'mamawa. Kale chigayo, lero phee, moti ndinatchera khutu kuti ndimve ngati fani ikuzungulira. Kale tsamba limodzi linkadya bandulo, lero likungoti fwaa, lopanda chotsatsa n'chimodzi chomwe. Tinaika filimu ya ukwati ija, nthungululu n'kumveka nyumba yonse, mlongo wanga n'kutuluka kukhitchini akuvina, mthiko uli m'manja.

Chodabwitsa chachikulu chinabwera pomaliza. Mtsikanayo anabaya fulashi ija, ine mtima uli phaphapha. Mafoda onse anangoti ndandanda! Vairasi sinafufute kanthu, inangowabisa, ndipo poti inapangidwira Windows, pa Linux ilibe mano. Ndinatsegula mayeso a Masamu a sitandade 7, funso loyamba lili pomwe ndinalisiya. Ndinawomba m'manja ngati mwana.

Lero laputopu yomwe ija ndimapita nayo kusukulu m'chikwama, ndipo aphunzitsi anzanga amandifunsa kumene ndagula yatsopano. Wina akabwera ndi fulashi kuti andiikiremo pulogalamu, ndimamuonetsa zala zinayi zija, n'kumufunsa kuti yakeyo igwira ntchito iti.