Zithunzi ndi Nyimbo za pa Intaneti Zili ndi Eni Ake

Magulu a achinyamata ndi makomiti a chitukuko m'boma lino akukonza timakanema ndi mauthenga a pa wailesi okhudza ukhondo, ulimi ndi nkhalango. Ambiri amangotenga chithunzi kapena nyimbo pa intaneti poganiza kuti zilibe mwini. Komatu lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016, lomwe bungwe la COSOMA limagwiritsa ntchito, limateteza eni ake. Kanema wokhala ndi nyimbo yopanda chilolezo angathe kuchotsedwa pa YouTube kapena Facebook, ndalama zomukonzera n'kulowa m'madzi.

Njira yabwino ndiyo kusankha ntchito zokhala ndi chilolezo cha Creative Commons, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ku America mu 2001. Zithunzi zotere zimapezeka pa Wikimedia Commons, pomwe mawu ojambulidwa, monga kulira kwa mbalame, ali pa Freesound.

Zilembo za chilolezo ndizo zimanena malire. BY ikutanthauza kuti mutchule mwini wake. NC imaletsa kuchitira malonda. SA imafuna kuti chimene mwakonza mwa kusintha ntchitoyo chituluke ndi chilolezo chomwecho. ND imaletsa kufalitsa ntchito yosinthidwa, ndipo kuika nyimbo m'kanema kumawerengedwa ngati kusintha. CC0 yokha ndiyo ilibe zoletsa.

Choncho, musanafalitse uthenga, lembani mutu wa ntchitoyo, dzina la mwini, komwe mwaitenga ndi mtundu wa chilolezo, ndipo muzionetse kumapeto kwa kanema kapena kuzitchula pa wailesi.