Galimoto Yamagetsi Mumzinda Wozimazima Magetsi

Ikamatuluka pageti ku Kabulonga, mu Lusaka, m'mamawa, ngakhale galu satukula mutu. Galimoto yamagetsi ngati BMW iX imalemera pafupifupi matani awiri ndi theka, koma chomwe mlonda amamva ndi timiyala tikuphwanyika pansi pa matayala basi. Ilibe injini, ilibe utsi, sifuna oyilo wa injini. Pansi pa mipando pagona batire lalikulu ngati matiresi, ndipo moyo wonse wa galimotoyo uli mmenemo.

Boma la Zambia linatsegulira njira galimoto zotere mu bajeti ya 2024, pomwe nduna ya zachuma, a Situmbeko Musokotwane, inachotsa msonkho wa kasitomu pa galimoto zamagetsi ndi zipangizo zotchajira. Tsoka ilo, chaka chomwecho mvula inakana. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi ngozi yadziko lonse, madzi anatsika ku Kariba, ndipo pofika September anthu a ku Chelstone ndi Kabwata ankakhala mumdima mpaka maola 21 pa tsiku. Magetsi oposa 80 pa 100 alionse m'Zambia amachokera ku madzi. Ndiye galimotoyi idya chiyani?

Masamu ake ndi a mayunitsi omwe aja timagula ku ZESCO. Batire la galimoto yaikulu chonchi limameza mayunitsi pafupifupi 100 kuti lidzaze. Pasoketi wamba, ya ketulo ija, pamadutsa mayunitsi awiri ndi pang'ono pa ola, kutanthauza masiku awiri athunthu magetsi asanaphethire. Komanso soketi yokalamba ikakoka mphamvu usiku wonse imatentha, pulasitiki nkuyamba kununkha, ndipo moto wa m'nyumba umayamba choncho. Chotchajira chapakhoma, choikidwa ndi katswiri pawaya wakewake, chimapereka mayunitsi 7 pa ola ndipo chimamaliza ntchito m'maola 14 kapena 15.

Komatu palibe amene amatsitsa batire lonse tsiku limodzi m'tauni. Galimoto yotere imadya mayunitsi 20 mpaka 25 pa makilomita 100. Kuchoka ku Woodlands kupita ku Cairo Road, kukatenga ana kusukulu, nkubwerera, mayunitsi 10 sakwana nkomwe. Mapanelo a sola a makilowati 5 padenga, ndi dzuwa la Lusakali, amakolola mayunitsi 20 kapena kuposa pa tsiku lowala bwino. Nchifukwa chake mwini wochenjera amayamba wakongoletsa denga la nyumba, galimoto pambuyo.

Pamzere wa galimoto pa Kabwe Roundabout mpamene imaonetsa ukatswiri. Ya petulo ikaima imangotentha mafuta. Iyi ikaima sidya kanthu kupatula mphepo yoziziritsa, ndipo dalaivala akachotsa phazi, mota imasanduka jenereta nkubwezera mphamvu m'batire. Ngakhale mabuleki amachedwa kutha.

Nanga zokongoletsa galimoto? Apa sayansi ndi kunyada zimakangana. Marimu akuluakulu onyezimira, a mainchesi 22, amakopa maso pa Manda Hill, koma ndi olemera, amachepetsa mtunda womwe batire lingayende, ndipo tayala lake lopyapyala silikhululuka likagwa m'dzenje nthawi ya dzinja. Kariyala yapadenga imalimbana ndi mphepo, ndipo pa liwiro la msewu waukulu kulimbanako kumadya mayunitsi. Ulendo wa ku Chipata, makilomita oposa 550 pa Great East Road, sufuna zolemetsa zotere, poti malo otchajira mwachangu akadali ochepa kunja kwa Lusaka. Kumata magalasi kuti dzuwa lisalowe kwambiri ndiye kumathandizadi, malinga lamulo la pamsewu likulola.

Batire la lithiamu limadana ndi zinthu ziwiri: kutentha ndi kukhuta. Kulisiya lodzaza 100 pa 100 padzuwa la October kumalikalambitsa msanga. Opanga ambiri amalangiza kulekezera pa 80 masiku wamba, ndi kuimika galimoto pamthunzi.

Pa zaumoyo, kusowa kwa utsi ndi mpumulo kwa amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu, ngakhale fumbi la matayala likadalipo, ndipo galimoto yolemera imawadya msanga. Kukhala chete kuja nako kuli ndi vuto lake: mwana wowoloka msewu ku Kabwata amadalira khutu. Ku Ulaya, kuyambira 2021, galimoto yamagetsi yatsopano iliyonse imayenera kutulutsa kaphokoso ikamayenda pang'onopang'ono, ndipo kuzimitsa kaphokosoko pofuna ulemerero ndi kusewera ndi moyo wa ena.

Chomaliza chili pansi pa boneti. Mawaya a mtundu wa lalanje amanyamula mavoti pafupifupi 400, okwanira kupha munthu pomwepo. Makaniko wozolowera Corolla, ngakhale waluso chotani, akafuna kulumikiza masipika kapena nyali zowonjezera ayenera kuwatalikira. Mkati mwa mawayawo muli mkuwa, womwe galimoto yamagetsi imafuna kuwirikiza kawiri kuposa ya petulo, chuma chomwe chija chimakumbidwa ku Solwezi ndi Kitwe.