Makompyuta Amene Amaphunzira Kuweta Netiweki ya M'maofesi

Aliyense amene anafikapo pa ofesi ya boma kumapeto kwa mwezi amawadziwa mawu akuti "netiweki yavuta". Ndi mawu afupi, koma olemera. Kontilakitala amene wamanga chipinda chophunzirira amabwerera chimanjamanja, kalaliki wa pachipatala amalephera kutumiza lipoti la mwezi, ndipo mayi amene analawira mbandakucha, nalipira kabaza, amauzidwa kuti abwerenso mawa. Masiku ano ntchito zambiri za khonsolo zimadutsa m'mapulogalamu a pakompyuta, monga IFMIS yoyendetsera ndalama, DHIS2 yosunga ziwerengero za umoyo, ndi kaundula wa UBR wa mabanja oyenera thandizo ngati la Mtukula Pakhomo. Netiweki ikadwala, chitukuko chimatsimphina.

Chodabwitsa nchakuti kawirikawiri katswiri wa makompyuta akayang'ana zipangizo zake amapeza nyali zonse zikuyaka bwino, pamene mu ofesi yoyandikana nayo wina wadikira mphindi zisanu kuti tsamba limodzi litseguke. Ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zipangizozo zimangonena kuti chingwe chili moyo, sizinena ngati munthu akutha kugwira ntchito.

Matenda atatu a netiweki

Uthenga uliwonse woyenda pa netiweki umadulidwa m'tizidutswa, ndipo tizidutswato timalumikizidwanso tikafika kumene tikupita. Panjira pamachitika zinthu zitatu: timachedwa, tina timatayika, kapena timafika modukizadukiza. Bungwe la International Telecommunication Union linalangiza kuti mawu olankhulidwa asamachedwe kupitirira mamilisekondi 150 kuchoka kwa wolankhula kufika kwa womvera, kumene kuli pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 7 a sekondi. Kuchedwa kukakula, anthu a pamsonkhano wa pa Zoom amayamba kudulana mawu. Koma kuchedwa komweko sikusokoneza kalata ya imelo ngakhale pang'ono. Ichi nchifukwa chake muyeso umodzi sungakwanire mapulogalamu onse.

Mmene makina amaphunzirira

Luso limene akatswiri amalitcha machine learning ndi lophunzitsa kompyuta kuzindikira zinthu kuchokera pa zitsanzo zambiri, m'malo moilembera malamulo onse. Dzinali linatchuka mu 1959 kudzera mwa Arthur Samuel wa kampani ya IBM, amene pulogalamu yake yosewera drafuti inkanka nikhwima pamene inkasewera masewera ambiri.

Taganizani za m'busa amene wakhala ndi ng'ombe zake zaka zambiri. Palibe anamulembera zizindikiro za matenda, koma amadziwa kuti ng'ombe yakutiyakuti sili bwino isanagone pansi, chifukwa amadziwa kayendedwe kake ka masiku onse. Pulogalamu yoweta netiweki imachitanso chimodzimodzi, ndipo ntchito yake ili patatu.

Poyamba imaphunzira chizolowezi cha malo aliwonse. Imasonkhanitsa miyeso usana ndi usiku, mpaka imadziwa kuti Lolemba m'mawa netiweki imadzaza, kuti kumapeto kwa mwezi ofesi ya zachuma imatanganidwa, ndi kuti ofesi ya kumudzi siyendera liwiro limodzi ndi ya kulikulu. Motero siliza belu pa chilichonse, koma pa chokhacho chimene chapatuka pa chizolowezi.

Kachiwiri imafufuza gwero la vuto. Pulogalamu ya ntchito ikachedwa, cholakwa chingakhale pa laputopu, pa Wi-Fi, pa chingwe chopita kunja, kapena pa kompyuta yaikulu yosunga pulogalamuyo. Munthu angathe tsiku lonse akuyesa chimodzichimodzi. Makina amayerekezera miyeso ya anthu onse nthawi imodzi, nkuona, mwachitsanzo, kuti onse ovutika alumikizidwa ku chipangizo chimodzi cha Wi-Fi.

Kachitatu imalosera. Ngati ofesi ili ndi njira ziwiri, ya chingwe cha faiba ndi ya 4G, makina amatha kuona zizindikiro zimene kale zinkatsogolera kufooka kwa njira imodzi, nkusamutsira ntchito zofunika pa njira inayo vuto lisanafike. Malipiro a ogwira ntchito amapatsidwa mpata patsogolo pa makanema a pa YouTube.

Makampani aakulu opanga zipangizo analowa kale m'lusoli. Mu 2019 Juniper Networks inagula Mist Systems, imene pulogalamu yake yotchedwa Marvis imayankha mafunso a katswiri olembedwa m'Chingelezi wamba. Mu 2020 Cisco inagula ThousandEyes, imene imayeza ulendo wonse wa uthenga kuchoka kwa wogwira ntchito kukafika kumene pulogalamu imasungidwa.

Zoyenera kuziganizira

Walira mvula walira matope. Makinawa salumikiza chingwe choduka, ndipo sayatsa magetsi akazima. Ofesi ya njira imodzi yokha ilibe kosamutsira uthenga, ngakhale makina atalosera molondola. Zipangizo zambiri zotere zimalipiridwa chaka ndi chaka m'ndalama zakunja, ndipo zimafuna masabata angapo kuti ziphunzire chizolowezi cha malo. Zimalakwitsanso: tsiku lolembetsa anthu ambiri zingaone kuchuluka kwa ntchito ngati vuto. Choncho katswiri wa khonsolo sachotsedwa ntchito. Iye ndiye woweruza zimene makina anena.

Palinso nkhani ya chinsinsi. Miyeso imeneyi imaonetsa amene watsegula pulogalamu, nthawi yake ndi malo ake, ndipo kawirikawiri imatumizidwa ku makompyuta a kunja kwa dziko. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limafuna kuti mbiri ya munthu isungidwe ndi kugwiritsidwa ntchito mosamala, kotero mgwirizano uliwonse uyenera kunena poyera kumene miyesoyo ikupita ndi amene angaione.

Pali chimene tingayambe lero popanda kugula kanthu. Ofesi iliyonse ikhale ndi buku lolembamo tsiku, nthawi, pulogalamu imene yavuta, utali wa vutolo ndi chiwerengero cha anthu amene abwezedwa. Makina amaphunzira kuchokera pa zolembedwa, nawonso makhansala ndi a komiti ya zachuma amagamula bwino akaona ziwerengero. Ndipo tsiku limene wogulitsa zipangizo adzafike ndi malonjezo ake, funso loyamba lisadzakhale la liwiro la intaneti yake. Adzafunsidwe ngati zipangizozo zingasonyeze mphindi zimene kalaliki amadikira kuti athandize munthu mmodzi, ndiponso kuti mphindizo zidzachepa ndi zingati.