Kusankha ndi Kukonza Mfuti Yotetezera Minda ndi Ziweto

Nkhani yathu lero ikuchokera m'boma la Phalombe, ndipo ikunena za mfuti ya mlenje amene mudzi umamuitana zilombo zikavuta.

Akuluakulu a m'chigwa cha Phalombe, kumpoto kwa phiri la Michesi, sanaiwale za afisi amene ankagwira anthu. M'chaka cha 1956 anthu 5 anaphedwa, mu 1957 enanso 5, mu 1958 anthu 6, ndipo mu 1961 anafa anthu 8. Zambiri mwa ngozi zimenezi zinkachitika mu Seputembala, pamene anthu ankagona panja chifukwa cha kutentha, tchire litapsa ndipo nyama zitabalalika. Lero afisi achepa, koma mlimi wa m'mphepete mwa mapiri akulimbanabe ndi nguluwe zofukula chinangwa, anyani othyola chimanga ndi nkhandwe zotha nkhuku.

Choyamba ndi lamulo. Palibe munthu wololedwa kusunga mfuti popanda chilolezo cha apolisi, malinga ndi lamulo la mfuti la 1967. Lamulo la nyama zakutchire la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limateteza nyama zambiri, ndipo wopha zina mwa izo angathe kukhala m'ndende zaka zofika 30. Motero chilombo chikavuta, yambani mwauza a mfumu ndi alangizi a Dipatimenti ya Nyama Zakutchire. Iwo ndiwo angakuuzeni ngati nyamayo iyenera kuphedwa kapena kungothamangitsidwa. M'nkhalango yotetezedwa ya phiri la Mulanje ndi ya Michesi, mfuti yanu ilibe ntchito.

Chachiwiri, mfuti imasankhidwa poyang'ana nyama. Ku America alenje ali ndi chilombo chotchedwa coyote, chofanana ndi nkhandwe yathu koma chokulirapo, ndipo amachiwombera patali ndi zipolopolo zazing'ono zothamanga kwambiri monga .223 ndi .22-250. Zomwezo zingagwire ntchito pa nkhandwe, imene kulemera kwake ndi makilogalamu 10 kapena kupitirira pang'ono. Koma nguluwe ndi fisi wamkulu amapitirira makilogalamu 60, ndipo amafuna chipolopolo cholemera monga .308 kapena .30-06. Kamfuti ka .22 wamba n'koyenera tinyama ting'onoting'ono pafupi. Mukalasa nako nguluwe mungoivulaza, ndipo nguluwe yovulala imabisala m'bango kapena m'munda wa nandolo, kumene mayi wopita kukakolola m'mawa angakumane nayo maso ndi maso.

Komabe mfuti yamphamvu ili ndi vuto lake, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Chigwa cha Phalombe n'chathyathyathya kuchokera kutsinde kwa mapiri mpaka kunyanja ya Chilwa, ndipo midzi yake ndi yoyandikana. Chipolopolo chophonya sichibwerera. Cha .22 chingathe kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka, pamene cha .308 chimapitirira makilomita 3. Mlenje ataima m'munda pafupi ndi Migowi kapena Chiringa, mkati mwa mtunda umenewo muli nyumba, mijigo, sukulu ndi ana oweta mbuzi. N'chifukwa chake pafupi ndi midzi mfuti yomwaza zipolopolo zing'onozing'ono, imene ambiri amaitcha chifefe, imaposa mfuti yowombera patali. Mphamvu yake yeniyeni imathera pa mamita 40 kapena kucheperapo, ngakhale nayonso siiyenera kuwomberedwa moloza kumene kuli anthu.

Chachitatu ndi kukonza mfutiyo kuti izilasa pamene diso laloza. Mfuti yatsopano, kapena imene mwaiika galasi lochalira, siiyenera kupita kuuzimba isanayesedwe. Yambani ndi kumanga bwino zomangira za galasilo, pakuti galasi logwedera limanamiza mwini wake. Liikeni motalikirana ndi diso ngati masentimita 8, kuopa kuti lingakutemeni pachikope mfuti ikakankha. Kenaka funani malo opanda anthu okhala ndi chulu chachikulu kapena chiunda cha dothi lofewa kumbuyo. Pewani miyala ndi madzi, chifukwa chipolopolo chimadumpha pa zimenezi n'kulowera kwina.

Khomani pepala lokhala ndi kadontho pakati pa mtunda wa mamita 25. Gonekani mfuti pa thumba la mchenga, osati mpope wake weniweni koma thabwa la pansi pake. Pumirani kunja pang'ono, ndipo kokani chala mwapang'onopang'ono. Womberani katatu musanasinthe kanthu. Onani pakati pa mabowo atatuwo, ndipo potokozani timabatani ta galasi kuti musunthire malowo ku kadontho kaja. Zikagwirizana, sunthani pepala lifike pa mamita 100 ndi kubwerezanso. Pa magalasi ambiri, kugunda kumodzi kwa kabatani kumasuntha chipolopolo mamilimita 7 kapena sentimita imodzi pa mtunda umenewu. Musafulumire, lolani mpope uzizire, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo zipolopolo zimene mwayesera zikhale zomwezo zokasakira, chifukwa mukasintha mtundu kapena kulemera kwake, malo olasa amasinthanso.

Mfuti yoyesedwa bwino imafunanso chisamaliro. Chinyontho cha nyengo ya dzinja chimabweretsa dzimbiri msanga. Pukutani mpope mukaigwiritsa ntchito, pakani mafuta pang'ono, ndipo musanawombere onetsetsani kuti m'kati mwake mulibe matope kapena chisa cha mavu. Panyumba isungeni yopanda chipolopolo, yokhomeredwa, zipolopolo zili kwina kumene ana sangafike.

Tsiku la ntchito likafika, khalani pamalo okwera monga pa nsanja yolindira munda, kuti chipolopolo chiloze pansi. Musawombere chinthu chimene simunachione thupi lonse. Maso owala mumdima angakhale a galu wa mnansi wanu, ndipo tchire logwedezeka lingakhale mnyamata wokaona misampha ya mbewa. Nkhandwe yoyenda masana mosaopa anthu ikhoza kukhala ndi chiwewe; mukaipha musaigwire ndi manja, koma dziwitsani alangizi a ziweto.

Omvera, walira mvula walira matope. Amene wapempha mfuti wasenzanso udindo wa chipolopolo chilichonse chotuluka m'menemo. Pamene kulinda, mpanda kapena khola lolimba zingathetse vuto, yambani ndi zimenezo. Koma ngati mfuti iyenera kulira, funso loyamba la mlenje likhale lakuti: kodi kumbuyo kwa nyama iyi kuli chiyani?