Tiyi wa 4 koloko ndi nandolo wa ku Jamaica

Ana anga a ku Nthache, tiyi mumamwa nthawi yanji? Ndamva, nonse mwakuwa kuti m'mawa! Mumamwera mbatata kapena chinangwa, kenako liwiro la kusukulu. Komatu kuli anthu ena amene amadikira mpaka 4 koloko madzulo. Amatchena bwinobwino n'kupita kumalo odyera a m'tauni. Kumeneko saitanitsa nsima. Amangofuna tiyi ndi tizakudya ting'onoting'ono.

Anayambitsa zimenezi ndani? Akuti ndi mayi wina wolemera wa ku England, dzina lake Anna, mkazi wa mfumu ya dera la Bedford. Munali cha m'ma 1840. Masiku amenewo anthu olemera a kumeneko ankadya mgonero usiku kwambiri. Ikamati 4 koloko, m'mimba mwa mayi Anna munkayamba kulira. Ndiye ankaitanitsa tiyi, buledi wopaka batala ndi keke. Posakhalitsa anayamba kuitana anzake, anzakewo n'kutengera. Tatengani pensulo muwerengetse. Kuchoka 1840 kufika chaka chino, papita zaka zingati?

Nanga patebulopo pamabwera chiyani? Tatsinzinani pang'ono. Mukuona mbale zitatu zosanjikizana, ina pamwamba pa inzake. M'mbale yapansi muli buledi wodula timagawo, pakati pake ataikapo dzira kapena nkhaka. M'mbale yapakati muli masikono ofunda. Pamwamba penipeni pali timakeke totsekemera. Mwambo wake umati uyambe pansi, uzikwera pang'onopang'ono. Ine azakhali anu, kunena zoona, maso amangothamangira pamwambapo!

Kodi tiyi amachokera kutali? Ayi ndithu, ndi wathu yemwe. Amalimidwa ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene kumagwa mvula yambiri. Ku Mulanje, mzungu wina dzina lake Henry Brown anadzala tiyi mu 1891. Othyola tiyi amabereka dengu kumsana. Sathyola chisawawa ayi. Amasankha masamba awiri anthete ndi kansonga kamodzi. Kufakitale masambawo amawafotetsa, kuwaphwanya, kuwasiya kuti ade, kenako n'kuwaumitsa. Shuga nayenso ndi wa pafupi. Amachokera ku mizimbe ya ku Nchalo, m'boma la Chikwawa, lomwe lachita malire ndi Mwanza wathuyu.

Tsono Jamaica akubwera bwanji m'nkhani ya tiyi? Jamaica ndi chilumba cha m'nyanja ya Caribbean, kutsidya kwa nyanja yaikulu ya Atlantic. Zilumba zinzake ndi monga Cuba, Trinidad ndi Barbados. Nyimbo za rege zimene mumamva pa wailesi zinayambira ku Jamaica, kwawo kwa Bob Marley. Kuyambira mu 1948, anthu ambiri a kuzilumbazi anapita kukagwira ntchito ku England. Anapita ndi maphikidwe a kwawo. Lero mu mzinda wa London muli malo odyera amene pa tiyi wa 4 koloko amaika zakudya za ku Caribbean m'mbale zitatu zija.

Ndi zakudya zachilendo kwambiri kodi? Apa ndiye museka. Ku Jamaica amakonda mpunga wophikira pamodzi ndi nyemba kapena nandolo, atathiramo madzi oyera a kokonati. Inde, nandolo yemweyu amene mumathandiza amayi kusenda pakhonde! Amakazinga nthochi zakupsa, zija zikuluzikulu zophika, mpaka zitafiira m'mbali. Amakonda nyama ya mbuzi. Amadya therere. Ali ndi timikate ta chinangwa totchedwa bammy. Amapala chinangwa, n'kuchifinya kuti madzi onse achoke, kenako n'kuchiphika pachiwaya chili chophwatalala. Alinso ndi festival, kachakudya kokazinga ka ufa wa chimanga ndi wa tirigu, kotsekemera pang'ono. Mutakaluma mutatsinzina, mungaganize kuti mwaluma chitumbuwa cha pamsika wa Mwanza. Nkhuku yawo yootcha amaipaka tsabola woyabwa koopsa, wonunkhira bwino. Tsabola ameneyu ndi m'bale wake wa kambuzi wathu. Tawerengani ndi zala. Pa zakudya zimene ndatchulazi, ndi zingati zimene zimapezeka kumunda kapena kukhola kwanu?

Zinatheka bwanji kuti anthu akutali chonchi azidya zofanana ndi ife? Yankho lake ndi lomvetsa chisoni, koma ndi bwino mulidziwe. Kalekale anthu ambirimbiri a mu Africa anagwidwa ukapolo. Anawakweza m'zombo n'kuwaolotsa nyanja kuti akalime mizimbe kuzilumbazo. Anthu ambiri a ku Jamaica lero ndi zidzukulu za anthu amenewo. Mbewu zina monga therere zinaoloka nawo limodzi. Mbewu zina zinayenda mobwerera kuno. Chinangwa, chimanga ndi mbatata kwawo kwenikweni ndi ku America. Zinabwera ku Africa pa zombo, makolo athu n'kuzilandira. Taganizani, ngakhale nsima ya chimanga inachita kubwera!

Kodi Jamaica ndi dziko lalikulu? Ayi, ndi laling'ono. Nyanja ya Malawi ndi yaikulu kuposa chilumba chonsecho, kuwirikiza kawiri n'kutsalako. Koma ndi kutali zedi, moti dzuwa limafika kumeneko mochedwa ndi maola 7. Ku Nthache ikamakwana 4 koloko madzulo, ku Kingston, likulu la Jamaica, imakhala 9 koloko m'mawa. Inu mukuweruka n'kumasewera fulaye, anzanu a kumeneko ali m'kalasi kuyamba kumene masamu. Nali funso lanu: inu mukamadya nsima 7 koloko usiku, kwawoko imakhala nthawi yanji?

Nanga amamwera chiyani zakudya zimenezi? Tiyi amamwa, koma ali ndi chakumwa china chofiira kuti psuu, chimene amachikonda pa Khirisimasi. Amachipanga ndi chidede! Amatenga timakoko take tofiira tija, n'kutiviika m'madzi owira pamodzi ndi jinja. Ena amaponyamo khoko la lalanje. Akasefa amathira shuga, n'kudikira kuti chizizire. Chimawawasa pang'ono, chimatsekemera pang'ono, ndipo lilime limasanduka lofiira.

Kodi inu simungakonze tiyi wa 4 koloko kwanu? Mungathe, ndipo simufunika kukwera minibasi ya ku Blantyre. Loweruka likubwerali, yalani mphasa pamthunzi. Tsukani mbale zitatu. M'mbale yoyamba ikani mbatata kapena chinangwa chophika, mutadula timagawo. M'mbale yachiwiri ikani zitumbuwa kapena chigumu. Yachitatu ndi ya manachesi, paja Mwanza amatchuka nawo m'dziko lonse lino. Sendani nachesi limodzi, muwerenge timagawo take. Mnzanu asende lake, muone ngati nambala ikufanana. Khoko lake musataye. Litsukeni, muliponye mu chidede chija, mununkhize fungo lake.

Ntchito ya pamoto ndi ya ndani? Imeneyo ndi ya amayi, abambo kapena achemwali aakulu. Madzi owira ndi mafuta otentha si zoseweretsa, mwamva? Yanu ndi kutsuka m'manja ndi sopo, kuyala mbale ndi kuitana alendo. Muyambe kuitana agogo, muwapatse kapu yoyamba ndi manja awiri. Akamamwa, muwafunse kuti iwo ali ana ankamwera chiyani tiyi. Zimene akuuzeni muzilembe mu kope lanu, Lolemba mukawerengere anzanu kusukulu.