Kompyuta ikakana kuyaka, yambani mwaona pomwe yaimira

Mukadina batani la kompyuta ya patebulo, pamachitika zinthu zingapo motsatizana, ndipo chilichonse chimadikira chinzake. Kabokosi ka magetsi ka mkati, kaja timati power supply, kamalandira magetsi a 230V ochokera pakhoma n'kuwatsitsa kuti akhale 12V, 5V ndi 3.3V. Magetsiwo akakhazikika, kapulogalamu kokhala pa motherboard, kotchedwa BIOS, kamadzuka n'kuyamba kuitana zipangizo chimodzichimodzi ngati mphunzitsi woitana maina m'mawa: purosesa, RAM, mbali yotulutsa zithunzi, kiyibodi. Zonse zikavomera, m'pamene kamakafuna disiki yomwe muli Windows n'kuisiyira ntchito.

Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo ambiri omwe amafika patebulo langa ndi a kaunjika, ma Dell OptiPlex ndi ma HP omwe adagwira kale ntchito m'maofesi a kunja ndipo tsopano ali m'masukulu, m'matchalitchi ndi m'timashopu totayipa makalata. Mwini wake akatsitsa bokosi lija pakabaza, mawu amakhala omwewo: "Achimwene, yangofa basi." Sindithamangira kumasula. Ndimayamba ndafunsa kuti pa ulendo wa kuyaka uja yaimira pati. Kodi ili zii, osawala, osalira? Kodi mafani akuzungulira koma sikirini ili bii? Kapena chizindikiro cha kampani chikuoneka kenako n'kubwera mawu achingerezi? Zimenezi mungathe kuziona nokha muli kwanu, ndipo nthawi zambiri ulendo wa kutauni umathera pomwepo.

Ikakhala zii, isiyeni kaye kompyutayo. Ikani tchaja ya foni pa soketi yomweyo muone ngati pali moto. Ma ekisitenshoni otchipa amapsera mkati kunja akuoneka bwinobwino, choncho lumikizani kompyutayo pakhoma penipeni. Pulagi ya mano atatu yomwe timagwiritsa ntchito kuno, yofanana ndi ya ku Britain, imakhala ndi fyuzi mkati mwake, ndipo fyuziyo ikapsa, kompyuta yamoyo imaoneka yakufa. Nthambo ya magetsi ya sikirini nthawi zambiri imafanana ndi ya kompyuta, ndiye sinthanitsani muone. Mukapeza kuti ndi fyuzi, gulani ina ya mlingo womwewo. Chonde musaikulunge ndi kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Ndimaziona zimenezi ndipo zimandiwawa, chifukwa fyuzi adaiikamo kuti izipsa iyoyo nthambo isanayake n'kuyatsa nyumba.

Suzumiraninso kumbuyo kwa bokosi. Makompyuta ena ali ndi kaswitchi kolembedwa I ndi O, ndipo munthu wosesa akhoza kukakhudza osadziwa. Akale ena ali ndi kena kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Kameneka n'koopsa. Ku America magetsi a m'nyumba ndi 120V, ndiye kompyuta yochokera kumeneko imabwera kaswitchiko kali pa 115. Mukailumikiza kuno chomwecho, mumangomva phuu, n'kuona utsi. Ngati wachibale wakutumizirani kompyuta kuchokera kumeneko, onani kaswitchi kameneka musanagwire pulagi.

Pali kachinthu kena kosafuna ndalama. Zulani nthambo, dinani batani loyatsira kwa masekondi 30 kuti magetsi otsalira mkati athe, kenako bwezerani nthamboyo. Makompyuta ambiri omwe amakana kuyaka magetsi akangothima n'kubweranso amadzuka ndi njira imeneyi.

Zikalephereka zonsezi, ndimayamba kukayikira power supply. Ndiyo yokha yomwe imakumana ndi magetsi a pakhoma, choncho ndiyo imayamba kupsa magetsi akabwera mwamphamvu, jenereta ikamasinthasintha liwiro, kapena mphenzi ikagwa pafupi m'dzinja. Mkati mwake mumafunda, ndiye mphemvu ndi analimata amakonda kubisalamo, ndipo nalimata mmodzi akagona pakati pa mawaya awiri, zatha. Ma OptiPlex ambiri ali ndi kabatani ndi kagetsi kumbuyo kwa power supply. Mukadina kabataniko kagetsi n'kuwala mobiriwira, fani n'kuzungulira, ndiye kuti ili moyo. Pa makompyuta a pulagi yaikulu ya mabowo 24, ife timaichotsa pa motherboard n'kulumikiza waya wobiriwira ndi wakuda pogwiritsa ntchito kawaya kopanira mapepala, ndipo fani ikapanda kuzungulira timadziwa kuti yapita. Koma ma HP ndi ma Dell ang'onoang'ono ambiri ali ndi mapulagi awoawo, ndipo mitundu ya mawaya ake ndi ina. Pamenepo osayerekeza. Ndipo kabokosi ka power supply musakatsegule ngakhale mutazula nthambo, chifukwa makapasita a mkatimo amasunga magetsi oposa 300V omwe angaphe munthu. Kakafa, timangochotsa konse n'kuikapo kena.

Tsono tiyerekeze kuti mafani akuzungulira koma sikirini ili bii. Onani kaye ngati sikiriniyo ikuyaka payokha, ndiponso ngati nthambo ya VGA, ija ya mutu wa buluu, kapena ya HDMI yalowa bwino mbali zonse. Kompyuta ikakhala ndi malo awiri olumikizira, ena pamwamba, ena pansi omwe ali pa khadi la zithunzi, a pansiwo ndi omwe amagwira ntchito.

Sikirini ikakhala yabwino, tcherani khutu. BIOS ikapeza vuto isanathe kulemba kanthu, imalira: pii, pii, pii. Pa makompyuta ambiri kulira kumodzi kwakufupi kumatanthauza kuti zonse zili bwino, pomwe kulira kobwerezabwereza ndi dandaulo. Tanthauzo lake limasiyana malinga ndi kampani, ndiye musadalire zomwe mnzanu adamva pa kompyuta yake. Werengani kuti yalira kangati, kapena jambulani ndi foni, mulembenso dzina la kompyutayo lomwe lili pa chomata. Ma Dell a pambuyo pake salira kwenikweni, amaphethira kagetsi ka pabatani, kangapo mwachikasu kenako kangapo moyera, ndipo manambala awiriwo ndi omwe amatchula chomwe chavuta.

Kwa ine, vuto lomwe limabwera kawirikawiri pamenepa ndi RAM, ndipo si kuti imakhala yafa ayi. RAM ndi timatabwa taitali, tathyathyathya, tokhala ndi mano agolide m'munsi. Fumbi la mu Okutobala likalowa m'bokosi, kenako n'kubwera chinyezi cha mvula kapena cha chiperoni, manowo amachita litsiro n'kusiya kugwirana bwino ndi malo ake. Kugwedezeka kwa pamsewu nakonso kumaisuntha. Zulani nthambo ya magetsi, tsegulani chivindikiro cha m'mbali, gwirani chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi mwanu asaononge zipangizo, kenako kankhirani kunja timapanira ta kumapeto kwa RAM. RAM idzatukuka yokha. Igwireni m'mphepete, pukutani mano aja pang'onopang'ono ndi labala yofufutira pensulo, chotsani zinyenyeswa, muibwezere mpaka timapanira tilire kuti twa. Ili ndi kampata komwe kamalola kuti ilowe mbali imodzi yokha, ndipo kampata ka DDR3 sikali pamalo amodzi ndi ka DDR4, choncho ikakana musaikakamize. Zikakhala ziwiri, yesani imodzi payokha, kenako inayo. Palibe chomwe chimandisangalatsa pa ntchitoyi kuposa nkhope ya mphunzitsi yemwe amayembekezera kumva za motherboard yatsopano, akaona sikirini ikuwala chifukwa cha labala ya mwana wa sukulu.

Muli mkati momwemo, yang'anani fani ya pa purosesa. Ikatsekeka ndi fumbi, kompyuta imayaka n'kuzima yokha pakapita kanthawi, podziteteza ku kutentha. Pemererani ndi bulowa mutagwira faniyo ndi chala kuti isazungulire mopitirira, ndipo nsalu yonyowa isayandikire. Onaninso timigolo ting'onoting'ono ta pa motherboard. Pamwamba pake pamayenera kukhala pathyathyathya. Tikatupa kapena kutuluka dzimbiri, monga zinkachitikira kwambiri ndi makompyuta opangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, imeneyo ndi ntchito ya mmisiri wodziwa kuwotcherera.

Pa motherboard pomwepo pali kabatire kozungulira, konyezimira, kolembedwa CR2032, ka 3V. Kamasunga tsiku, nthawi ndi makonzedwe a BIOS kompyuta ikakhala yozima. Pa kompyuta ya kaunjika kabatireka kamakhala katakalamba kale. Kakatha, kompyuta imaima n'kukuuzani kuti mudine F1, tsiku limabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo masamba a pa intaneti amakana kutseguka. Nthawi zina makonzedwe a disiki amasintha, Windows n'kuyamba kuonetsa sikirini ya buluu ngakhale disikiyo ilibe vuto. Ogulitsa mabatire a wotchi amakhala nako.

Gawo lomaliza ndi lomwe ndimafuna anthu alimvetse kwambiri. Chizindikiro cha kampani chaoneka, kenako mawu onga "No bootable device" kapena "Operating system not found". Apa magetsi, purosesa ndi RAM zavomera, chasowa ndi Windows. Zulani flashi iliyonse yomwe mwaisiya, chifukwa kompyuta imatha kukafuna Windows mmenemo. Ikapitiriza, yatsaninso n'kumadina F2 ngati ndi Dell, kapena F10 ngati ndi HP, mulowe mu BIOS muone ngati disiki ikuoneka pa mndandanda. Ikasowa, zimitsani mukankhe bwino nthambo ziwiri zomwe zimalowa mu disikiyo. Koma mukamva ikugogoda kuti ke, ke, ke, zimitsani nthawi yomweyo. Kamutu kowerengera ka mu disikiyo kakulephera ntchito, ndipo kuyatsa kulikonse kukhoza kupala mbale zomwe muli mafayilo anu.

Apa m'pamene anthu ambiri amataya zinthu zawo, osati chifukwa cha vuto lenilenilo koma chifukwa cha changu cha wokonza. Kufomata n'kuikamo Windows yatsopano ndi njira yachidule, ndipo kompyuta imabweradi ikuyaka. Koma maina a ophunzira ndi malikisi awo, kaundula wa mpingo, mabuku a ngongole za banki m'khonde, zithunzi za ukwati, zonse zimapita. Chonsecho kompyuta yokana kuyaka nthawi zambiri imakhala kuti mafayilo ake ali bwinobwino. Disiki ikhoza kuchotsedwa n'kulumikizidwa pa kompyuta ina, kapena wokonza akhoza kuyatsa yanuyo ndi pulogalamu ya Ubuntu ya pa flashi n'kukopera zonse asanakhudze china chilichonse. Ngati disikiyo idakiyidwa ndi BitLocker, padzafunika kiyi ya manambala 48, yomwe kawirikawiri imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake.

Choncho mukamapita kwa wokonza, tengani flashi kapena disiki ina yokopera. Muwauze pomwe kompyutayo ikuimira, kuti yalira kangati ndi mawu omwe ikulemba. Muwauzenso momveka kuti asafomate musanaone mafayilo anu ndi maso anu pa kompyuta ina, ndipo akayamba kuzengereza, pemphani akuchotsereni disikiyo mubwerere nayo kunyumba.