Webusaiti ya bizinesi yaing'ono ikonzedwenso liti? Tiyeni tiyambe tayeza

Ambiri a inu amene muli ku sekondale kuno kuchigwa cha Shire ndinu amene mumadziwa kutokosa foni pakhomo panu. Ndiye musadabwe tsiku lina amalume kapena azakhali amene ali ndi kabizinesi atakufunsani kuti: "Mnyamata wina akuti webusaiti yathu yakalamba, timulipire atipangire ina. Iwe wa kusukuluwe ukuona bwanji?" Funso limeneli ndi la ndalama zimene zikanagula katundu wa mu shopu kapena kulipira fizi. Kuyankha mongoganizira n'kulakwa. Fizikisi imatiphunzitsa kuyeza kaye tisanagamule, ndipo webusaiti nayo imayezeka.

Musaone ngati nkhaniyi yasochera kalasi. Mawebusaiti anabadwira mu labotale ya fizikisi. Tim Berners-Lee analemba ganizo lake mu 1989 akugwira ntchito ku CERN, pafupi ndi mzinda wa Geneva, pofuna kuti asayansi azigawana zolemba mosavuta, ndipo pofika 1991 webusaiti yoyamba inali itatsegulidwa kwa anthu onse.

Tiyerekeze kuti pali nyumba yogona alendo ya zipinda khumi ku Nchalo. Alendo ake ndi anthu obwera kudzagwira ntchito ku kampani ya shuga ya Illovo, ogwira ntchito m'mabungwe, ndi ena odzaona nyama ku Lengwe ndi ku Majete. Ambiri mwa iwowa amafufuza malo ogona pa foni asananyamuke ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ena ali kale pa msewu wa M1. Webusaiti ya nyumbayi ili ndi ntchito imodzi: mlendo aone chipinda, adziwe mtengo, ayimbe foni. Ikalephera pamenepa, chipinda chimagona chopanda munthu.

Muyeso woyamba: nthawi

Mumadziwa kale kuti nthawi ya ulendo timaipeza pogawa mtunda ndi liwiro. Pa intaneti masamu ake ndi omwewo. M'malo mwa mtunda timaika kukula kwa tsamba, m'malo mwa liwiro la galimoto timaika liwiro la netiweki.

Chenjerani ndi mayuniti, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwera. Kukula kwa fayilo timayeza m'mabayiti, koma liwiro la netiweki timayeza m'mabiti pa sekondi, ndipo bayiti imodzi ili ndi mabiti 8. Chithunzi chojambulidwa ndi foni yabwino chimatha kukhala cha 4 MB. Tikachulukitsa ndi 8 tipeza mamegabiti 32. Netiweki ikamapereka megabiti imodzi pa sekondi, chithunzi chimodzicho chitenga masekondi 32. Tsamba likakhala ndi zithunzi khumi zoterozo, ndiye masekondi 320, kupitirira mphindi zisanu. Ndani angadikire zimenezo ali m'minibasi?

Tsopano chithunzi chomwecho tichichepetse chifike pa 150 KB, kukula kokwanira kuti chioneke bwino pa foni. Amenewo ndi mamegabiti 1.2, ndipo chitsika pa sekondi imodzi ndi kachidutswa. Zithunzi khumi, masekondi 12. Netiweki sinasinthe, foni sinasinthe. Tangopepukitsa katundu basi.

Nkhaniyi imakhudzanso thumba la kasitomala. Bandulo ya 1 GB ndi pafupifupi 1,000 MB. Tsamba la 40 MB lingatsegulidwe ka 25 kokha bandulo n'kutha, pamene la 2 MB lingatsegulidwe ka 500. Mu 2016 kampani ya Google inatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti maulendo 53 pa 100 alionse a anthu otsegula tsamba pa foni amathera panjira tsambalo likatenga masekondi opitirira atatu. Masiku ano Google imalangiza kuti chinthu chachikulu pa tsamba chizioneka pasanathe masekondi 2.5.

Chifukwa chake netiweki simathamanga mofanana

Wopanga webusaiti akhoza kukuonetsani ntchito yake pa kompyuta ya mu ofesi ku Blantyre ikutseguka ngati mphezi. Umenewo si muyeso wa kasitomala wanu. Foni imalankhula ndi nsanja ya TNM kapena ya Airtel kudzera m'mafunde a wailesi, ndipo mafundewa amamwazika akamatalikira. Pamalo opanda chotchinga, mtunda ukawirikiza kawiri mphamvu yofika pa foni imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ukawirikiza katatu, limodzi mwa magawo asanu ndi anayi. Mitengo, zipupa ndi malata zimaichepetsanso. Mphamvu ikachepa, foni ndi nsanja zimagwirizana kutumizirana uthenga pang'onopang'ono kuti usasokonekere, ndipo nthawi zina foni imachoka pa 4G n'kugwera pa 3G kapena 2G. Chinanso, nsanja imodzi imagawira anthu onse amene ali pafupi nayo. Tsiku la msika pa Ngabu kapena pa Bangula, aliyense amalandira kagawo kochepa, ngati mmene zimakhalira pa mjigo anthu akachuluka.

Palinso kuchedwa kwina kumene sikudalira kukula kwa fayilo. Webusaiti imasungidwa pa kompyuta yotchedwa seva, ndipo maseva ambiri ali ku Johannesburg, ku Ulaya kapena ku America. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, choncho uthenga umadutsa m'mayiko oyandikana nafe kuti ukafike ku zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM, imene inayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy ya mu 2010. Zonse ziwiri zimatulukira kumtunda ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. M'zingwezi uthenga umayenda ngati kuwala m'kachingwe ka galasi. Mumlengalenga mopanda kanthu kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, koma m'galasi kumatsika kufika pafupifupi 200,000. Tiyerekeze kuti njira yonse ndi makilomita 12,000. Kupita ndi masekondi 0.06, kupita ndi kubwera ndi 0.12. Zikuoneka zochepa, eti? Koma tsamba lomangidwa mosasamala limaitanitsa fayilo, ikafika fayiloyo n'kuitanitsa ina, inayo n'kuitanitsanso ina. Maulendo khumi otsatizana chonchi adya kale masekondi 1.2 mlendo asanaone kanthu. Liwiro la kuwala palibe angalisinthe, koma kuchuluka kwa maulendo angakuchepetse ndi wopanga webusaiti wodziwa ntchito.

Yesani ngati mu labotale

Tengani foni wamba, yofanana ndi imene makasitomala ambiri ali nayo. Zimitsani Wi-Fi kuti mugwiritse ntchito bandulo. Tsegulani tsambalo pa windo la chinsinsi la Chrome, lija amati Incognito, kuti foni isagwiritse ntchito zithunzi zimene inasunga kale. Pa foni ina yambitsani wotchi, ndipo muiimitse nambala ya foni ndi mtengo wa chipinda zikaoneka. Chitani katatu, mupeze avereji. Mukatero sinthani chinthu chimodzi chokha: malo, kapena nthawi ya tsiku, kapena kampani ya netiweki. Mukasintha ziwiri nthawi imodzi simudziwa chimene chabweretsa kusiyana. Palinso chida chaulere cha Google chotchedwa PageSpeed Insights chimene chimatchula mafayilo amene akulemetsa tsamba.

Muyeso wachiwiri sufuna wotchi. Patsani foni munthu wamkulu amene sanaonepo tsambalo, mumupemphe kuti apeze mtengo wa chipinda ndi kuyimba. Musamuthandize, ingoonani pamene akukakamira. Muchite zimenezi panja masana. Kuno m'miyezi ya October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo kuwala kwa dzuwa kobwerera pa galasi la foni kumaposa kuwala kwa foniyo. Zilembo zotuwa pa tsamba loyera zimasowa. Zakuda bii zimawerengeka.

Zimene sizifuna webusaiti yatsopano

Denga likamadontha sitigwetsa nyumba. Ngati vuto ndi zithunzi zolemera, zichepetseni, ndipo ndi ntchito ya masana amodzi. Ngati mitengo ndi yakale, sinthani manambala. Kumbukirani kuti mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndiye tsamba limene likuonetsabe mitengo ya m'mbuyo mwa nthawi imeneyo likungoputa mkangano ndi mlendo pa kauntala. Nambala ya foni yosiya kugwira ntchito ndi chimodzimodzi. Kutopa ndi mtundu wa tsamba si chifukwa chokwanira: mwini wake amaliona tsiku ndi tsiku, pamene mlendo amaliona mphindi imodzi. Kuti woyandikana naye wapanga latsopano si chifukwanso.

Zimene zimafunadi kumanganso

Choyamba, tsamba limene silikwanira pa foni. Mawebusaiti akale ankapangidwira sikirini ya kompyuta yoposa masentimita 30 m'lifupi, pamene ya foni ndi pafupifupi masentimita 7. Zotsatira zake zilembo zimakhala ngati nyerere ndipo chala chimadina mabatani awiri nthawi imodzi. Batani labwino pa foni limafuna pafupifupi sentimita imodzi. Njira yomangira tsamba lodzisintha lokha malinga ndi sikirini inatchuka kuyambira mu 2010, pamene Ethan Marcotte anailongosola. Kuyambira mu 2018 Google inayamba kuweruza masamba poyang'ana mmene akuonekera pa foni, ndipo pofika 2023 inalengeza kuti yamaliza kusinthaku. Vuto ili lili m'maziko, silitheka ndi zigamba.

Chachiwiri, tsamba lokhazikika pa zipangizo zimene eni ake anazisiya. Pulogalamu ya Flash, imene inkayendetsa zithunzi zovina pa masamba ambiri, inatsekedwa kumapeto kwa 2020, ndipo chilichonse chodalira iyo sichionekanso. Kuyambira mu July 2018, Chrome imalemba kuti "Not secure" pa tsamba limene adiresi yake ikuyamba ndi http m'malo mwa https. Kalata s imeneyo ikusonyeza kuti uthenga wa pakati pa foni ndi seva wabisidwa kuti wina asauwerenge panjira. Chiphaso chake chimapezeka mwaulere ku Let's Encrypt, choncho nthawi zambiri vutoli limakonzeka palokha. Koma pulogalamu yonse ya webusaiti ikakhala yakale moti singalandirenso zotsekera mipata ya akuba, kumanganso ndiye njira.

Chachitatu, mwini bizinesi sangathe kusintha kanthu popanda kuitana amene anapanga. Kuno kwathu mfundo imeneyi ndi yaikulu. Mu January 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo msewu wa M1 unaduka m'malo ena ku Chikwawa. Mu March 2023 kunabweranso Freddy. Pa masiku otere mlendo amafuna kudziwa zinthu ziwiri: kodi mwatsegula, nanga tidutsira kuti? Mwini wake ayenera kutha kulemba zimenezi yekha pa foni m'mphindi zochepa, pa netiweki yofooka.

Chachinayi, bizinesiyo yasintha. Inayamba ndi zipinda zokha, pano ili ndi holo ya misonkhano ndi malo odyera, ndipo ikulandira ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba. Zatsopanozi zikamangopachikidwa pa tsamba lakale, mlendo amasochera.

Nthawi yake ndi misampha yake

Webusaiti yatsopano imakhala ndi zolakwika m'masabata oyamba, choncho isatulutsidwe makasitomala atachuluka. Kwa bizinesi yodalira odzaona nyama, alendo amachuluka m'nyengo yopanda mvula, kuyambira cha m'May mpaka October, pamene udzu wauma ndipo nyama zimasonkhana pa madzi. Ntchito yomanganso ichitike m'miyezi ya mvula. Wogulitsa mbewu ndi feteleza kalendala yake ndi yosiyana: iye asakhudze tsamba lake kutatsala pang'ono kudzala.

Musanalipire, funsani mafunso atatu. Kodi dzina la webusaiti, kaya likuthera ndi .mw kapena .com, linalembetsedwa m'dzina la ndani? Liyenera kukhala la mwini bizinesi, ndipo limalipiridwa chaka ndi chaka. Mukaiwala, wina akhoza kulitenga. Kodi maadiresi a masamba akale adzalozera ku atsopano? Akapanda kutero, aliyense amene anasunga linki pa WhatsApp adzapeza uthenga wa 404, kutanthauza kuti tsamba palibe, ndipo malo amene bizinesi inali nawo pa Google adzatsika. Nanga manambala achinsinsi olowera adzasunga ndani?

Dziwaninso kuti si bizinesi iliyonse imene ikufunika webusaiti. Mayi wogulitsa nsomba za ku Elephant Marsh kapena bambo wa mbuzi pa Ngabu, amene makasitomala awo amawadziwa kale, angathandizike mokwanira ndi WhatsApp Business, imene inayamba mu 2018, ndi tsamba la Facebook. Webusaiti imapindulitsa kwambiri pamene ogula ndi anthu akutali amene sakukudziwani ndipo akufufuza pa Google.

Ntchito ya kunyumba

Sankhani webusaiti imodzi ya bizinesi ya ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Yezani nthawi yotsegukira katatu m'mawa ndi katatu madzulo, pa malo amodzi ndi foni imodzi, ndipo lembani maavereji awiriwo m'tebulo. Kenako yerekezani kuti tsambalo ndi la 6 MB ndipo netiweki ikupereka mamegabiti 2 pa sekondi. Litenga masekondi angati? Mukapeza 3, mwaiwala kuchulukitsa ndi 8, bwererani. Pomaliza lembani chigamulo chanu m'ziganizo ziwiri, kuti tsambalo lisiyidwe, likonzedwe pang'ono kapena limangidwenso, ndipo chigamulocho chitsamire pa manambala amene mwapeza. Tebulo limenelo ndi limene mukaonetse amalume asanatulutse ndalama.